Mpanda wofika m'bondo

Woyenda pa msewu wa M1 pakati pa Biriwiri ndi Lizulu masiku ano, akaponya maso m'madimba ndi m'minda ya m'mitsetse, amaona matumba. Ndi matumba a feteleza odzaza mchenga, ondandalikidwa m'mphepete mwa mabedi a kabichi, pakamwa pa zigwembe, ndi kuseri kwa nyumba zomangidwa pachitunda. Pena pali matayala akutha, pena malata adzimbiri ochirikizidwa ndi miyala. Dzuwa la mu Okutobala likawawamba matumbawo amafumbutuka, ndipo mvula yoyamba imakokolola mchenga ndi zidutswa za pulasitiki zomwe n'kutsikira nazo kumtsinje. Chaka chinacho mwini munda amasakanso ena.

Ntchito imene matumbawa akuyesa kugwira idali ya mitengo. Kwathu, kumunsi kwa Lizulu kumene mapiri amayamba kutsikira kuchigwa cha Bwanje, dimba lililonse la pamtsetse linkakhala ndi timipanda ta zichiri totchinga dothi. Sindikunena mpanda woletsa mbuzi ndi ng'ombe ayi. Umenewo udali wautali, wa minga ndi bango, wozungulira dimba lonse. Ndikunena timipanda tam'kati, tofika m'bondo, todula mtsetse chopingasa kuti dimba likhale la masitepe, bedi pamwamba pa bedi linzake mpaka kukafika pachitsime. Ana obadwa m'zaka za matipate ambiri sadationepo, ndipo amene amadziwa kutimanga akutha mmodzimmodzi.

Ine ndidationa m'manja mwa agogo aamuna, obala mayi anga, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Adali mkamwini wochokera tsidya la malire, ku Angonia. Malirewo kwa ife ndi msewu chabe: ukaima pa Lizulu, mbali ino ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique, koma anthu ndi amodzimodzi, Angoni a kwa Maseko olankhula Chichewa chimodzi. Dimba lidali la agogo aakazi, lochokera kwa amayi awo, koma manja olisamala adali a mkamwini. Mudzi ukafuna kudziwa ngati mwana wawo adakwatiwa ndi munthu, sunkafunsa. Unkayang'ana denga la nyumba, unkayang'ana nkhokwe, kenaka unkatsikira kudimba.

Ntchito inkayamba mvula ili mkati, nkhwangwa isanagwiridwe n'komwe. Mvula ya mu Januwale ikamakhuthuka, ena atabindikira m'nyumba, agogo ankafunda chiguduli kumutu n'kupita kukaona mayendedwe a madzi. Ankazika timitengo pamene madzi apotoloka, pamene ayamba kukumba, ndi pamene asiya mzere wa zinyalala. Mzere umenewo ndiwo udali levulo yawo, chifukwa madzi akaima amasiya zinyalala pamalo ofanana msinkhu, ndipo mpanda wotsata mzerewo sungapendeke. Ankakonda kunena kuti madzi saiwala khwawa. Tanthauzo lake pantchitoyi lidali lakuti usawatsekere njira, pakuti adzaiboola ndithu. Uwachedwetse chabe, atule dothi limene asenza, iwo apitirire.

Mitengo inkadulidwa tikatha kukolola, mu Juni kapena Julayi, kukuzizira, mitengo itauma madzi m'thupi. Si mtengo uliwonse unkayenera. Zichiri zenizeni zinkachokera ku muwanga, mtengo umene mtima wake chiswe chimaulephera. Muwanga ukasowa ankatenga mkalati kapena naphini. Mombo sankaufuna pa zichiri chifukwa umafumbwa msanga, koma ndiwo unkatipatsa luzi. Msuku sunkakhudzidwa, ndipo mwana wopezeka atatema msuku ankayankha mlandu kwa amayi a m'mudzi monse. Sankagwetsanso mtengo waukulu chifukwa cha zichiri. Ankasaka mphukira zokhwima za pa zitsa zakale, zonenepa ngati dzanja la munthu wamkulu, ndipo podula ankasiya chitsa chabwino chifukwa mitengo ya m'nkhalango zathuzi imaphukanso ukapanda kuitentha tsinde.

Kenaka kusenda makungwa, pakuti m'makungwa ndimo mumabisala anankafumbwe. Kusongola kudali kwa kasemasema, nsonga yake ya mbali zitatu kapena zinayi, yosatalika kwambiri kuopa kuthyoka ikakumana ndi mwala. Madzulo tinkasonkha moto wa zitsononkho pabwalo, agogo n'kumawaula mbali yolowa pansi, akutembenuza chichiri pang'onopang'ono mpaka chitada bii koma osapsa. Fungo la muwanga wowaulidwa silifanana ndi la nkhuni za kukhitchini. Ife ana tinkakankhira mbatata m'phulusa lomwelo, tikumvera nkhani za ku Joni ndi ku Wankie za amuna amene adabwera kudzaotha nawo.

Muyeso wonse udali pathupi la munthu. Chichiri chinkatalika kuchokera pansi kufika m'chiuno kapena kupitirira pang'ono, ndipo theka lake linkayenera kulowa m'nthaka. Mpata wa pakati pa zichiri udali mkono umodzi, kuchokera pachigongono kufika kunsonga za zala. Pokhoma ankagwiritsa chipika cholemera chosemedwa chigwiriro, osati nyundo yachitsulo imene imang'amba mutu wa chichiri. Mmodzi ankagwira, wina ankamenya, ndipo wogwirayo ankapendeketsa chichiri pang'ono kuloza kumtunda, kuti dothi likadzakankha chidzaongoke m'malo mogwera kumunsi. Kulira kwa chipika kunkamveka dambo lonse m'mawa wa chisanu. Poyamba kumakhala kwa phu, phu, chichiri chikulowa m'dothi lofewa. Chikafika pa katondo wolimba mawu amasintha, amakhala gu, gu, ndipo agogo ankasiya pomwepo osayang'ana n'komwe. Munthu ali kumudzi ankatha kudziwa dimba limene akukhoma ndi amene akukhomayo.

Zichiri zikaima pankabwera mbariro, za nsungwi zong'amba kapena timitengo towongoka. Apa ndi pamene ophunzira ankalakwitsa. Mbariro zimakhala mbali ya kumtunda kwa zichiri, kuti dothi lizizipanikizira ku zichirizo. Ukaziika mbali ya kumunsi ndiye kuti katundu yense wasenzetsa luzi, ndipo luzi limaola mvula imodzi. Ena ankaluka nsungwi molowetsa ndi kutulutsa pakati pa zichiri monga amalukira nkhokwe, ndipo mpanda wotere udali wokongola kwambiri, ngakhale unkadya nthawi. Luzi tinkalinyika m'madzi usiku wonse kuti lifewe. Likauma pamtengo limagwira zolimba, osaterereka.

Kuseri kwa mbariro sankathirako dothi mwachindunji. Pansi pankayamba timiyala totoledwa m'dimba momwemo, pamwamba pake udzu kapena mapesi oyalidwa motsamira mpanda, ndiyeno dothi, pang'onopang'ono, muyalo uliwonse ukupondedwa. Kuponda idali ntchito ya ana. Agogo aakazi ankafika ndi mtsuko pamutu n'kundiitana monga agogo amaitanira mdzukulu wamwamuna: "Amuna anga, pondani zolimba, thobwa lanu ili." Timiyala ndi udzu zija zidali zoti madzi azidontha pakati pa mbariro dothi n'kutsala. Nsonga ziwiri za mpanda ankazikhotetsera kumtunda kuti madzi asazungulire m'mbali, ndipo penapake pakati ankatsitsa mpandawo pang'ono n'kuyala miyala yaphanthiphanthi kunsi kwake, kuti mvula ikachuluka madzi osefukira adzagwere pamwala.

Msinkhu sunkapitirira bondo. Pamene mtsetse uli woopsa, agogo ankamanga timipanda titatu totsatana m'malo mwa umodzi wofika m'chiuno, ngakhale zichiri zinkalowa zambiri. Akatswiri a zomangamanga ali ndi masamu ake a zimenezi: ukawirikiza kawiri msinkhu wa khoma, mphamvu ya dothi lolikankha imawirikiza kanayi, ndipo dothi likakhuta madzi opanda potulukira kukankhako kumaonjezekanso. Agogo sadapite patali ndi sukulu, koma adaonapo mipanda yaitali ikugwa mu Febuluwale itasenza mbewu za chaka chonse.

Chinthu chimene ndimachilemekeza kwambiri pa luso limeneli n'chakuti mpandawo ankaumanga akudziwa kuti udzaola. Ngakhale muwanga uli ndi malire ake m'dothi lonyowa la kudimba, ndipo nsungwi ndiye sizichedwa. Choncho pakati pa zichiri zouma ankasiya mipata, ndipo chakumapeto kwa chilimwe, mvula itayandikira, ankazikamo nthambi zaziwisi zosasenda, zosawaula: muwale, kachere, nthawi zina mlombwa wotuluka utomoni wofiira. Mitengo imeneyi imamera ukangozika nthambi yake. Pamlomo wa sitepe ankadzalapo nsenjere, kunsi kwake nzimbe kapena nthochi. Pofika chaka chimene mbariro zafumbutuka, mizu idali italukana kale m'dothi, sitepe litaima lokha. Mitengo youma idali yongogwirizira kuti yamoyo ipeze nthawi yokula. Amene amangoona mpanda wa zichiri ngati khoma la munthu wosauka wosowa simenti sadamvetse chimene chinkamangidwa pamenepo.

Za chiyambi chake akuluakulu ankasiyana mawu. Agogo aakazi ankati adapeza amalume awo akumanga kale, ndipo ankakumbutsa kuti m'masiku a makolo awo kudalibe mizere. Anthu ankalima matutu, kuunjika dothi ndi udzu milumilu, ndipo munda ukaguga ankausiya n'kuswa mphanje pena, pakuti malo adalipo. Dimba lokha ndilo silinkasamuka, chifukwa chinyontho chili pamene chili. Ndiye dothi la padimba ankalisunga ngati chuma. Akulu ena ankati ayi, masitepe owongoka bwino adawaonera m'minda ya amishoni ku Mlanda ndi ku Gowa, kapena adabwera nawo amuna amene adakagwira ntchito m'maesiteti a tiyi ku Thyolo. Mbali zonse ziwiri zinkavomerezana pa chimodzi: padalibe amene ankalamula munthu kumanga mpanda m'dimba lake.

Kulamula kudabwera ndi malimidwe. Boma la atsamunda lidayamba kudandaula za kukokoloka kwa nthaka m'zaka za m'ma 1930, ndipo mu 1946 lidakhazikitsa lamulo la zachilengedwe lopatsa boma mphamvu zokakamiza anthu kasamalidwe ka minda yawo. Njala ya 1949 itavuta kumwera, bwanamkubwa Geoffrey Colby adalimbitsa dzanja, ndipo m'zaka za m'ma 1950, pamene Richard Kettlewell ankatsogolera dipatimenti ya zaulimi, akapitawo adadzaza m'midzi. Matutu adaletsedwa. Aliyense ankayenera kulima mizere yopingasa mtsetse ndi kukumba migula ndi milambala pamene kapitawo wakhoma zikhomo zake. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, ena ankamangidwa, ena kuzuliridwa mbewu. Migula inkakumbidwa m'chilimwe, nthaka ili gwa, ndipo m'midzi yambiri amuna adali ku Joni ndi ku Salisbury, kotero khasu lolemeralo lidagwera amayi. Kuchigwa cha Shire mkwiyo wake udafika potchedwa nkhondo ya mitumbira.

Kwathu nkhaniyi idakafika kwa mwini dziko. Mu 1953, pamene Aafirika a ku Nyasaland ankakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi ya Makosi Philip Gomani II idauza anthu ake kuti asamvere malamulo a zaulimi ndi zankhalango. Boma lidaichotsa paudindo n'kutumiza apolisi ku Lizulu kukaitenga. Inkosiyo, yodwaladwala kale, idawolokera ku Mozambique pamodzi ndi mbusa Michael Scott, koma Apwitikizi adaibweza m'manja mwa Angerezi, ndipo idamwalira mu 1954 isadabwerere pampando wake. Kwa Angoni a ku Ntcheu ili lidali bala lachiwiri, pakuti bambo ake, Gomani woyamba, adaphedwa ndi Angerezi omwewo mu 1896.

Agogo aamuna adali mnyamata wongokwatira kumene m'masiku amenewo. Ankasimba kuti anthu ankagumula migula usiku, ndipo chimene chinkawapweteka pokumbukira n'chakuti chidani chidagwera ndi mipanda ya m'madimba yomwe. Kapitawo akadutsa n'kuyamikira dimba lako pamaso pa anthu, kuti onani mnzanu uyu akumvera, mawa lake unkayenda chozolika. Ena adazula okha zichiri zawo kuti asatchedwe okonda azungu. Ine ndimaona kuti pa zakuti mizere ipingase mtsetse atsamunda sadaname, ndipo umboni wake ndi wakuti lero aliyense amalima mizere popanda womuopseza. Koma adalowa m'munda wa munthu ndi chikoti ndi buku la chindapusa, osafunsa zimene mwini mundayo ankadziwa kale, ndipo adachititsa kuti kusamala dothi kumveke ngati kugonja. Dr Kamuzu Banda atabwera mu Julayi 1958 adapeza mkwiyo wa malimidwe uli wokonzeka, ndipo udathandiza kudzaza misonkhano ya chipani cha Congress m'midzi.

Chikakamizo chidatha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kamuzu yemweyo, atatenga boma, adayamba kulalikira mizere ndi kulima msanga, nadzitcha Mchikumbe Nambala Wani. Alangizi adalowa m'malo mwa akapitawo, ndipo mipanda idabwerera mwakachetechete m'madimba a anthu ngati agogo. Zaka zimenezo ndizo ndidaziona ine. Ntchito ikakula ankaitana dima: agogo aakazi ankafulula mowa wa masese, amuna a m'mudzi n'kubwera ndi zipika zawo, ndipo dimba lonse linkatha tsiku limodzi. Sabata linalo agogo ankapita kukabweza kwa mnzawo. Chifukwa cha dima, madimba onse a m'khwawa limodzi ankakonzedwa nyengo imodzi, kuyambira kumtunda kutsika, ndipo zimenezi zidali zofunika kuposa mmene tinkaganizira. Mpanda wa kumunsi sungalimbe ngati wa kumtunda wagumuka.

Nthawi yomweyo mitengo yachilendo inkalowa. Kuyambira 1976 kudali tsiku lodzala mitengo mu Januwale, ndipo ana asukulu tinkapatsidwa mbande za bulugamu ndi malaina. Bulugamu adakondedwa chifukwa amakula msanga ndiponso amawongoka, moti mapolo ake adayamba kulowa m'malo mwa muwanga. Koma bulugamu wamng'ono ndi chakudya cha chiswe, ndipo m'dothi lonyowa sapirira. Anthu adayamba kupaka nsonga zake oyilo wakuda wotsala m'magalimoto, amene ankapempha kwa amakaniko paboma. Misomali ndi waya zidayamba kulanda malo a luzi. Agogo oyiloyo sankamufuna pafupi ndi chitsime chimene tinkathirira ndiwo ndi kumwa, ndipo pamenepo adali ndi mfundo.

Nkhondo ya ku Mozambique itakula, makamaka kuyambira 1986, anthu adawoloka msewu ali miyandamiyanda. Malawi idasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri sadakhale m'misasa yotsekedwa koma pakati pathu, m'midzi ya abale awo. Kwathu kudafika ana a mlongo wawo wa agogo aamuna, n'kupatsidwa malo kuseri kwa khola. Aliyense ankafunika nsichi, phaso ndi nkhuni za tsiku ndi tsiku. M'zaka zochepa mapiri a m'mbali mwa malire adayera. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 ambiri adabwerera kwawo, koma nkhalango sidabwerere.

Kungakhale kunama kuwasenzetsa iwo mlandu wonse, monga ena amachitira. Adali anthu othawa imfa, ndipo atachoka nkhwangwa sidapume. Kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno, pamene wa 2018 adapeza oposa 17 miliyoni, ndipo boma la Ntcheu lokha lidali ndi anthu oposa 650,000. Minda idakwera m'mapiri momwe makolo ankangodyetsamo ng'ombe. Nyumba za njerwa zootcha zidachuluka, ndipo uvuni uliwonse umadya mitengo ikuluikulu. Makala adandandalika m'mbali mwa M1 kudikira magalimoto opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo wootcha makala amasankha mitengo yolimba yomwe ija, yolemera, imene inkatipatsa zichiri. Iye sasiya chitsa choti chiphuke, nthawi zambiri amakumba ndi chitsacho. Nkhalango zotetezedwa za Mvai ndi Dzonzi nazo sizidapulumuke. Damu la Mpira, limene lili m'nkhalango ya Mvai ndipo limamwetsa anthu a ku Ntcheu, Balaka ndi madera ena oyandikana nawo, lidaphwa mu 2018, mipopi n'kuuma m'midzi yambirimbiri.

Luso limafa zipangizo zake zikasowa. Mnyamata sangaphunzire kusiyanitsa muwanga ndi mkalati ngati mitengo yonse iwiri kulibe, ndipo sangaphunzire kusenda luzi popanda mombo. Dima nayo idazilala, m'malo mwake mudalowa ganyu wa ndalama, ndipo waganyu amakhoma mmene wauzidwira, sadzabweranso mu Januwale kudzaona ngati mpandawo wagwira. Ulimi wa m'madimba sudachepe ayi, udakula kwambiri. Msika wa Lizulu ndi wa pa Tsangano Turn-off umadzaza kabichi, tomato, anyezi ndi mbatatesi chaka chonse, ndipo madimba akulimidwa kawiri kapena katatu pachaka mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Dothi likugwira ntchito yambiri kuposa kale, koma lili ndi zochepa zoligwira.

Pali zabwino zimene zidabwera, ndipo ndiyenera kuzitchula. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 alangizi akhala akuphunzitsa kupanga akalozera pogwiritsa ntchito chingwe ndi levulo kapena chimango cha mitengo itatu chokhala ndi mwala wolendewera, ndi kudzala vetiva m'mizere yake. Vetiva ndi udzu wabwino: mizu yake imalowa pansi kwambiri, sufalikira m'munda, ndipo ukamera mothithikana umasefa dothi madzi n'kudutsa. Nzeru yake ndi yomwe ija ya nsenjere za agogo. M'minda ya chimanga yotsetsereka pang'ono vetiva ndi mizere ya ngonyeka zimakwanira. Koma pamene mwadula sitepe m'dimba, kapena pamene chigwembe chayamba kale kudya, udzu wongodzalidwa kumene sungagwire dothi mvula yoyamba. Pamafunika chinthu choimirira m'malo mwake kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Alangizi omwewo akafika pa chigwembe amauza anthu kukhoma zichiri ndi kuluka nthambi chopingasa, ndipo achinyamata amaziona ngati nzeru yatsopano yochokera ku ofesi.

Amene ali ndi ndalama amamanga khoma la njerwa kapena mabuloko a simenti, makamaka paboma ndi m'misika momwe nyumba zakwera m'zitunda. Ambiri mwa makoma amenewa amamangidwa aatali, owongoka njo, opanda mabowo otulukira madzi, dothi la katondo litathiridwa kuseri kwake popanda timiyala. Mvula ikagwa masiku angapo motsatana amang'aluka, ena amagwera pa nyumba ya mnansi wa kumunsi. Simenti siilakwa. Cholakwa n'chakuti womangayo akuganiza zotsekera madzi, pamene womanga ndi zichiri ankayamba ndi funso la kumene madziwo adzatulukire. Ngakhale mapolo a bulugamu othiridwa mankhwala, amene amagulitsidwa m'matauni ndipo amakhalitsa, amagwa chimodzimodzi akakhomedwa mosazama kapena akasenzetsedwa dothi lofika m'chiuno.

Sindikunena kuti timipanda ta m'bondo tingaimitse phiri. Zimene zidachitika ku Phalombe mu 1991, kapena ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndi za msinkhu wina, ndipo palibe chichiri chikadaziletsa. Timipandati ndi ta kukokoloka kwa chaka ndi chaka, kumene sikulengezedwa pa wailesi, kumene kumachotsa dothi lakuda pang'onopang'ono mpaka mlimi adzadabwe kuti feteleza yemweyo sakubereketsanso monga kale.

Dimba la agogo aakazi lero lidagawidwa kwa adzukulu aakazi anayi, ana a mayi anga ndi a mayi aang'ono. Masitepe a kumunsi akadali bwino, chifukwa mitengo ya muwale ndi kachere imene idazikidwa ngati zichiri idakula, ndipo nthochi zake zikubereka. Gawo la kumtunda ndilo lavuta. Mwini wake adadula miwale yake kuti isachite mthunzi pa tomato, sitepe lidagumuka, ndipo dothi lake limakwirira mbewu za achemwali ake a kumunsi. Nkhaniyi idafika kwa amalume aang'ono, amene ndiwo mwini mbumba tsopano, ndiponso ndiwo okha m'banja mwathu amene adagwirapo chichiri agogo akumenya. Sadaweruze za kulipirana. Adati anayi onsewo asonkhe mapolo a bulugamu a chaka chino, pakati pake azikemo nthambi za gilisidiya, amene amamera msanga ndipo masamba ake ndi manyowa, pamlomo adzalepo vetiva, ndipo m'malire a kumtunda adzale nsungwi zoti mbariro zisamadzagulidwe. Nsungwizo zidzafika podulidwa pakapita zaka zingapo. Amalumewo maso ayamba kuwavuta ndipo chipika sangachinyamulenso, koma auza achemwali anga kuti mu Julayi aliyense atumize mnyamata wake mmodzi, iwo adzakhala pachitsa n'kumaloza.